Kwa asisi ku Roi Et, zolemba za tsiku ndi tsiku

Loweruka

Ndafika bwino abale, amayi ndawaimbira kale ndiye musawadzidzimutse ndi mafoni usiku. Ulendo wake ndi wautali zedi, kuchoka pa KIA kukatera ku Addis Ababa, kudikirira pamenepo, kenako ndege ina usiku wonse mpaka Bangkok ku Thailand, ndipo ukangotuluka pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi kutentha kumakulandirira pakhomo pomwe, kutentha konyowa kuja koti malaya amamatirira pamsana usanayende n'komwe. Alamu anadzandichingamira okha poti asisi sakanatha kusiya ana, teremu yawo yangoyamba kumene pakati pa Meyi. Tinakwera basi ya usiku pa depoti ya Mo Chit yopita ku Roi Et, makilomita pafupifupi 500 kumpoto chakummawa, chigawo chomwe amachitcha Isan. Kwacha tili pakati pa minda ya mpunga yokhayokha, dziko lathyathyathya, phiri osaliona.

Kwa amene simukudziwa, asisi anga amaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya boma ya kumudzi kuno, anakwatiwa konkuno ndipo ali ndi mwana mmodzi wamkazi ali Prathom 2, kwathu tinganene Sitandade 2. Amayi ndi amene anandituma, anati iwe ndiwe malume, upite ukaone ndi maso ako mmene mlongo wako akukhalira, za pa video call ine sindizikhulupirira. Ndiye ndizilemba pano madzulo aliwonse, nanu muziona nawo. Nthawi kuno ili patsogolo ndi maola 5, mukamadya nkhomaliro ife dzuwa likupendeka.

Lamulungu

Nyumba yake ndi ya matabwa pamwamba, yoimikidwa pa nsanamira zazitali, pansi pake anamangako zipinda za simenti mbali imodzi, mbali inayo anaisiya poyera ndipo moyo wonse wa pabanja uli pamenepo, thandala la nsungwi, mikeka, njinga zamoto, nkhuku, ndi mitsuko ikuluikulu yosungira madzi a mvula. Mwini khomo ndi apongozi awo a asisi, mayi wamfupi wamphamvu, ndipo ndaona lero lomwe kuti pakhomo pano palibe chimachitika iwo asanavomere. Kamtsikana kathu kanandithamangira nkuima chapatali, kuphatikiza manja pachifuwa nkuweramitsa mutu monga amachitira kuno, kenako kanati "mwadzuka bwanji amalume" m'Chichewa chomveka bwino. Misozi inalengeza ndithu.

Chakudya tinadyera pa mkeka tonse pamodzi. Mpunga wawo wa tsiku ndi tsiku ndi womata uja, khao niao, amaunyika m'madzi usiku, mmawa nkuuphika ndi nthunzi m'dengu la nsungwi, ndipo amaudya ndi manja, kutema, kuumba, kusunsa mu ndiwo, mofanana ndi nsima, moti dzanja langa silinavutike olo pang'ono. Ndiwo inali som tam, papaya wamuwisi wosinja mu kamtondo pamodzi ndi tsabola, adyo, ndimu ndi pla ra, nsomba zomwe amazisunga mu mtsuko ndi mchere ndi gaga wa mpunga kwa miyezi yambiri. Fungo lake ndi lamphamvu koma ndiwo ikapanda imeneyi apongozi amati sinakome. Panalinso nkhuku yootcha ndi supu ya mphukira za nsungwi.

Chomwe chandidabwitsa ndi ichi, alamu amandiuza kuti mwambo wa kuno mwamuna ndi amene amakakhala kwa mkazi, ndipo mwana wamkazi womaliza ndi amene amatsala pakhomo kusamala makolo nkudzatenga nyumba. Chikamwini chenicheni abale, kutali konse kuno. Iwowo zinangosintha chifukwa mlongo wawo anapita kukagwira ntchito ku Chonburi ndipo mayi anatsala okha, ndiye asisi ali pa chitengwa, ndipo ndi iwo akugwira ntchito ya mwana wamkazi wa pakhomo.

Lolemba

Ndinadzutsidwa ndi chinkuzamawu cha amfumu, chili pa mtengo pakati pa mudzi, kusanache kwenikweni akulengeza za msonkhano ndi za katemera wa ng'ombe. Pofika 7 koloko tinali pa njinga yamoto, asisi kutsogolo, mwana pakati, ine ndi alamu pa ina. Sukulu yake imayambira mkaka mpaka Mathayom 3, chaka chachitatu cha sekondale, ana onse sakwana 150, ndipo titafika tinapeza ana akusesa, ena akuthirira ndiwo zamasamba kuseri, mphunzitsi mmodzi ataima pa geti ndipo mwana aliyense wolowa amamupatsa moni wa manja uja.

8 koloko ikakwana dziko lonse la Thailand limaimba nyimbo ya fuko, amaibwerezanso 6 koloko madzulo, ndiye pa asembule ana awiri anakweza mbendera, kenako mapemphero a Chibuda ana onse akuyankhira pamodzi, kenako ahedi kuyankhula, ndipo anayankhula nthawi yaitali dzuwa likuswa. Lolemba aphunzitsi a boma amavala yunifolomu ya khaki ya ogwira ntchito m'boma, asisi poti ndi a kontrakiti anavala bulauzi yachikasu, paja kuno tsiku lililonse lili ndi mtundu wake, Lolemba chikasu, Lachiwiri pinki, Lachitatu chobiriwira, choncho. Pa bolodi analemba chaka cha 2567, kalendala yawo ili patsogolo ndi zaka 543.

Nsapato zimatsala panja, zitandandalikidwa bwinobwino m'mbali mwa khoma, ana amalowa ndi masokosi. Kalasi yoyamba ya asisi inali Prathom 5, ana 14 basi. Ndinakhala kumbuyo ndikukumbukira kalasi yomwe asisi ankaphunzitsa kwathu asanabwere kuno, ana oposa 100 atakhala pansi, ena pawindo, moti madzulo ankabwera mawu atasasa. Pano mwana aliyense amamudziwa dzina, agogo ake, ngakhale galu wa kwawo. Mayina ake ndi aafupi a pakhomo, dzina lenileni lalitali limangokhala mu rejisita. Iwonso sawatchula kuti madamu, amati khru, kutanthauza mphunzitsi, kenako dzina.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi chakudya. Mwana aliyense wa mkaka ndi wa pulayimale amalandira mkaka tsiku lililonse, pulogalamu imeneyi inayamba mu 1992, ndipo masana amadya nkhomaliro yaulere, boma limapereka pakati pa 22 ndi 36 baht, ndalama ya kuno, pa mwana patsiku, sukulu ikakhala yaing'ono ndalama ya pa mwana imakwera. Lero kunali mpunga, supu ya nkhuku ndi mphonda, ndi chidutswa cha chivwende. Ophika ndi amayi awiri a m'mudzi momwemo, masamba ena achokera m'dimba la sukulu, mazira ku khola la sukulu. Akamaliza aliyense amatsuka mbale yake, kenako onse pamzere kutsuka mano pa mpope, tiana ta mkaka nkukagona pa timatiresi. Phala la kusukulu kwathu tikulidziwa ntchito yake, ndi limene limadzutsa ana ambiri mmawa, ndiye ndikaona mbale yodzaza chonchi yochokera m'thumba la boma lenileni osati la wothandiza wakunja, mtima umandiwawa chifukwa ana athu nawonso akuyenera zimenezi.

Lachiwiri

Lero ndinafuna ndione ntchito yeniyeniyo. Musaganize kuti poti ana ndi ochepa ndiye nzophweka ayi. Pakhomo ana awa amayankhula Chiisan chomwe chili pafupi kwambiri ndi Chilao, kusukulu amaphunzira m'Chithai cha ku Bangkok, ndiye Chingerezi ndi chachitatu, ndipo akatuluka pa geti sachimvanso paliponse, sitolo, wailesi, zikwangwani, zonse m'zilembo zawo. Zilembo za ABC kwa iwo ndi zachilendo kuyambira mmene zimaonekera. Kuwonjezera apo amaopa kulakwitsa pagulu, ukafunsa funso onse amayang'ana pansi akumwetulira. Asisi anasiya kalekale zoloza mwana mmodzi, amawaika awiriawiri, amagulitsana zipatso zapulasitiki, amaimba, amawombetsa m'manja, ndipo ndaona akugwiritsa ntchito timasewero tomwe ankapanga kwathu, kungosintha chilankhulo. Mnyamata wina wa Prathom 5 yemwe dzulo sanatsegule pakamwa lero wandifunsa m'Chingerezi ngati kwathu kuli njovu. Ndinamuyankha pang'onopang'ono kuti zilipo ku Liwonde, anamva, anatembenukira anzake nkuwamasulira monyadira.

Madzulo tinakhala pathandala asisi akuchonga makope, ndiye anandifotokozera za mapepala. Mlendo aliyense wokhala kuno nthawi yaitali amayenera kudziwitsa a zolowa ndi kutuluka komwe akukhala masiku 90 aliwonse, chilolezo chogwirira ntchito chimawonjezeredwa chaka ndi chaka, palinso chilolezo cha uphunzitsi cha bungwe la aphunzitsi la Khurusapha. Munthu wochokera dziko lomwe saliwerengera kuti Chingerezi ndi chobadwa nacho amafunsidwa mayeso ngati a TOEIC, ngakhale anaphunzira m'Chingerezi mpaka ku koleji, ndipo malipiro a Mwafirika kapena wa ku Philippines nthawi zambiri amakhala otsika poyerekeza ndi a mzungu wa ku Britain kapena America pa ntchito imodzimodzi. Za khungu nazonso sanandibisire, anati masiku oyamba kumsika anthu ankangowayang'ana, ana ena ankathawa, ena kufuna kugwira tsitsi, ndipo pali masukulu ena omwe ankangoona chithunzi pa CV basi osayankhanso. Ndinakwiya pomva zimenezi. Iwo anati zinandipweteka achimwene sindikana, koma mudzi uno unandizolowera pa maliro, nditakhala nawo usiku wonse kukhitchini ndikusenda adyo ndi amayi anzanga, kuyambira pamenepo ndine wa pano.

Lachitatu

Lachitatu ndi tsiku la masikawuti, ana ndi aphunzitsi omwe amavala yunifolomu yake, tizipewa ndi timipango pakhosi, gulu limeneli analiyambitsa ndi mfumu Rama VI mu 1911 ndipo lili pa ndandanda wa maphunziro. Masana kunalibe kuphunzira kwenikweni, makalasi onse anali kalikiliki kukonza maluwa a mwambo wa mawa.

Koma nkhani ya lero ndi ya madzulo. Teremu yoyamba aphunzitsi amayendera nyumba ya mwana aliyense wa m'kalasi mwawo, ndi ntchito yolamulidwa, ndiye titaweruka asisi ndi mphunzitsi mnzawo wa Prathom 5 anakwera njinga, ine kumbuyo kwa alamu, tinalowa tinjira ta m'minda. Amakhala ndi fomu pa foni, amajambula nyumba kunja ndi mkati, denga, pansi, chimbudzi, amafunsa ndani amapeza ndalama pakhomo, mwana amapita bwanji kusukulu, ndipo ana opezeka kuti ndi ovutikitsitsa amalandira kangachepe kuchokera ku thumba la boma la Equitable Education Fund lomwe linakhazikitsidwa mu 2018.

Nyumba zomwe tinalowa, pafupifupi zonse tinapeza agogo. Makolo kulibe. Wina bambo amayendetsa taxi ku Bangkok, wina mayi ndi bambo onse ali mu fakitale ku Rayong, wina bambo ali ku Taiwan, wina ku minda ya ku Israel, wina ku Korea. Amabwera pa Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano cha Chithai, mu Epulo ndi pa chaka chatsopano cha mu Januwale, ena sabwera n'komwe zaka zingapo, amangotumiza ndalama ndi kuimba pa LINE, pulogalamu ya pafoni yonga WhatsApp. Isan ndi kumene kumakhala pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a dziko lino, koma nthaka yake ndi yamchenga, kwina yamchere, ulimi wake wodalira mvula kamodzi pachaka, ndiye achinyamata amachoka. Ndikuyenda chonchi ndimangoona midzi ya ku Mzimba ndi ku Mangochi komwe abambo anapita ku Joni, nkhani yake ndi yomweyo, nyumba ya malata atsopano koma pamkeka palibe bambo.

Nyumba yomaliza inali ya mnyamata wa njovu uja. Amakhala ndi agogo aakazi okha, okalamba ndithu, msana unapindika, tinawapeza akuluka mkeka pansi pa nyumba ndipo pambali pali mabokosi a simenti momwe amawetamo nkhululu zogulitsa. Boma limawapatsa ndalama ya okalamba mwezi ndi mwezi, imayambira 600 baht munthu akakwana zaka 60 nkumakwera pang'ono ndi msinkhu, yosakwanira koma imagula mankhwala ndi sopo. Mayi a mwanayu anasiya kutumiza ndalama, bambo sadziwika komwe ali. Agogowo anatiyalira mkeka, anatipatsa madzi ozizira, kenako anagwira dzanja la asisi osalisiya nthawi yonse yomwe amayankhula. Alamu amandimasulira chapansipansi. Amati mwanayu mmawa ndi amene amaphika mpunga, amadyetsa nkhululu, amandithira mankhwala m'maso kenako amapita kusukulu, ndiye akagona m'kalasi musamukalipire aphunzitsi. Amati ine zolemba zake sindingazione, ndikamwalira mudzamuyang'anire afike Mathayom 3. Asisi anayankha m'Chiisan, sindinamve mawu ake koma ndinaona agogo akugwedeza mutu, mnyamatayo ataima kuseri kwa nsanamira akumva zonse.

Pobwerera asisi sanayankhule. Titafika anatenga kope nkulemba kuti Lachisanu mwanayu azitenga chakudya chotsala kukhitchini, ndipo anaimbira mnzawo uja kuti akambirane ndi ahedi za yunifolomu ya sikawuti poti yake yamuthina. Amayi, ngati wina akukuwerengerani izi, mwana wanu ntchito yomwe akugwira kuno ndi yoposa Chingerezi.

Lachinayi

Lero kunali Wai Khru, mwambo wolemekeza aphunzitsi, umachitika Lachinayi lina la mu Juni m'masukulu ambiri poti Lachinayi amalitenga kuti ndi tsiku la aphunzitsi. Anayala mikeka mu holo, aphunzitsi anakhala pa mipando kutsogolo, asisi pakati pawo atavala siketi ya nsalu yoluka ya kuno yomwe apongozi anawapatsa. Kalasi iliyonse inabweretsa mbale ya mwendo yokongoletsedwa ndi masamba a nthochi opindapinda ndi maluwa, ntchito ya dzulo ija, ndipo kunali mpikisano wa yokongola kwambiri. Mwana aliyense anagwiranso kamtolo kake, kandulo, lubani ndi zinthu zinayi zomwe sizisowa. Pali duwa la khem losongoka, kuti nzeru zikhale zakuthwa. Pali duwa la biringanya lomwe limayang'ana pansi, kudzichepetsa. Pali mpunga wokazinga wophulika, kudzisunga. Ndipo pali kapinga, kapinga weniweni wa pabwalo pathu uja, chifukwa olo umupondeponde amaphukanso.

Mtsikana wamkulu wa Mathayom 3 anatsogolera mawu oyamikira aphunzitsi, onse akuyankhira, kenako anayamba kubwera mzere ndi mzere akuyenda ndi maondo, kufika pamapazi a mphunzitsi, kupereka maluwa, kuwerama mpaka chipumi kufika pansi. Mphunzitsi amaika dzanja pamutu kapena paphewa nkunena mawu a dalitso. Kuno mutu wa munthu sugwiridwa wamba, ndiye dzanja limenelo ndi nkhani yaikulu. Ana akuluakulu ambiri amalira, anyamata omwe. Mnyamata wa dzulo uja anadutsa aphunzitsi ena nkukagwada kwa asisi, kamtolo kake kanali kochepa kuposa ka anzake, kapinga wambiri maluwa pang'ono, ndipo asisi anamugwira mutu ndi manja onse awiri.

Ndikudziwa ena mufunsa za chikhulupiriro, poti tonse tinakulira mu mpingo. Ndinawafunsa. Anati pa mapemphero a Chibuda ine ndimakhala chete mwaulemu, sindigwadira chifanizo ndipo palibe anandikakamizapo, Baibulo langa lili pamutu pa bedi ndipo apongozi amalipukuta fumbi. Koma mwana akandigwadira ine sakundipembedza, akuthokoza, ndipo kwathunso mwana amagwada popereka madzi kwa wamkulu. Ine zinandikhutiritsa. Ndinaganiziranso aphunzitsi athu akumudzi omwe amayenda wapansi mtunda wautali, nyumba zodontha, malipiro ochedwa, ndipo palibe tsiku lomwe ana onse amaima pamaso pawo kunena zikomo. Mwambo ngati uwu sufuna ndalama, kapinga tili naye.

Lachisanu

Lero pang'ono chabe, ndatopa. Ana anavala malaya a nsalu za kuno monga amachitira Lachisanu. Titaweruka tinapita kumsika wa madzulo pa boma, achule, nkhanu za m'minda, bowa, ziwala zokazinga, ndipo ngakhale mayi wogulitsa masamba ali ndi QR yake, umangoloza foni basi walipira. Usiku ndinatulutsa ufa woyera ndi usipa zomwe amayi anandipatsira, asisi anaphika nsima, anakhala kaye chete akuyang'ana mbale asanayambe kudya. Apongozi analawa, anati usipa ndi wabwino kwambiri koma anaupititsa mu kamtondo nkuthira tsabola ndi ndimu, ndipo kunena zoona unakoma. Kamtsikana kanadya mitanda iwiri.

Loweruka

Tsiku la kumunda. Mbali ino ya Roi Et ili m'chigwa cha Thung Kula Rong Hai chomwe chimafika mpaka ku Surin, Sisaket, Yasothon ndi Maha Sarakham, ndipo ndi kumene kumachokera mpunga wonunkhira wa hom mali womwe umagulitsidwa mpaka kunja. Alamu amalima mitundu iwiri, wonunkhirawo ndi wogulitsa ndipo amangowaza mbewu poti aganyu anasowa, womata ndi wodya pakhomo ndipo umenewo apongozi salola kuwaza, amafuna wowokera ndi manja. Mvula inagwa usiku ndiye madzi anakwanira m'ndime ziwiri zakumunsi, tinazula mbande ku nazale, kumenya mizu paphazi kuti matope achoke, kumanga mitolo, kenako kuwokera tikubwerera chambuyo madzi m'maondo. Anthu a ku Karonga ndi ku Nkhotakota mukuidziwa ntchito imeneyi. Njati zoweta zilipo koma zolimira anasiya, pano ndi thirakitala, kukolola mu Novembala amachita kubwereka makina.

Amene anabwera kudzathandiza anali achikulire okhaokha, wamng'ono pa onse anali alamu, ndipo asisi anali momwemo chipewa kumutu, akuwokera mofulumira kuposa ine, akuseka ndi amayi aja m'chinenero chawo. Masana tinadyera mu kachisakasa ka pamunda, wina anatsegula mor lam pa foni, nyimbo zawo za kuno zoimbira khaen, chitoliro cha nsungwi zambiri, ndipo agogo ena aamuna anaimirira nkuvina matope ali m'miyendo. Ana anali m'ngalande kusaka nkhanu ndipo kamtsikana kathu ndi kamene kamatsogolera.

Ndili pamenepo ndinawafunsa asisi funso lomwe amayi anandituma, loti kodi adzabwerera liti. Anati kubwera kudzacheza tibwera mu Epulo sukulu ikatsekera, holide yaikulu kuno ndi imeneyo, mwanayu akaone agogo ake ndi manda a agogo ake aamuna. Koma zobwereratu musawanamize amayi, apongozi akukalamba ndipo alibe wina, komanso ana a Prathom 5 aja ndinawayamba ali ku mkaka, sindingawasiye panjira. Ndinalibe choyankha chifukwa Lachitatu ndinali nawo.

Lamulungu

Mmawa ndinaperekeza apongozi kumsewu, amonke amadutsa opanda nsapato dzuwa likutuluka ndipo anthu amagwada m'mbali nkuika mpunga m'mbale zawo, azimayi amasamala kuti asawakhudze. Ine ndinaima chapatali. Titabwerera ife atatu, asisi, mwana ndi ine, tinakhala m'chipinda kuwerenga Salimo ndi kuimba nyimbo ziwiri za m'buku, tchalitchi chapafupi chili kutali ndipo amapitako mwa apo ndi apo.

Madzulo kunabwera anthu, sindimadziwa kuti apongozi akonza mwambo wondilandira, amautcha bai si su khwan. Anaika pakati chinthu chosanjikiza cha masamba a nthochi ndi maluwa, dzira lowiritsa, mpunga, ndi timaulusi toyera ta thonje tambirimbiri. Mkulu wina wa m'mudzi analakatula mawu ataliatali tonse titakhala mozungulira, kenako aliyense amabwera kundimanga kaulusi pamkono akunena zabwino, kuti ndikhale ndi moyo, ndiyende bwino, mtima ukhazikike. Amachitira mlendo, wodwala akachira, akwati, ngakhale mwana wopita kukagwira ntchito kutali. Ndinawerama polandira ngati ulemu wa eni mudzi. Ahedi anabwera, amayi ophika aja anabwera, ndipo agogo a nkhululu aja anabwera atakwezedwa pa njinga ndi neba, ananditengera kathumba ka nkhululu zokazinga. Apongozi anamanga komaliza ndipo anauza alamu kuti andimasulire bwinobwino osadumpha, anati ukawauze amayi ako kuti mwana wawo sindimutenga ngati mtengwa, ndi amene amandiperekeza kuchipatala, ndi amene amadziwa mankhwala anga, ndipo mu Epulo ngati miyendo ilola ndikufuna ndikawaone ndekha ndikawathokoze. Ndiye akumudzi yambani kukonzeka, mwina tilandira alendo anayi osati atatu, ndipo mayiwa tsabola amadya wambiri, kambuzi asasowe.

Ulusiwu akuti ndisaudule, ndikhale nawo masiku atatu kaye. Mawa ndikulawiranso kusukulu, a Prathom 5 anamva kuti ndimatha bawo ndiye alamu andikumbira maenje pa thabwa, njere tigwiritsa ntchito za bwemba, ndipo asisi akuti kuwerenga konse kuchitike m'Chingerezi.